Botolo Limodzi pa Thumba

"Wandiphera nkhuku ndiwe, Sellah. Iweyo, ndi zakuda zako zija."

Abwana ake, a Zikhale, adayankhula chala chili pamphuno pa Sellah, iye asanatule n'komwe chikwama chomwe adatsika nacho m'minibasi ya ku Mitundu. Adali kuseri kwa butchala ya a Abdulmajid Karim mu Old Town, pakabwalo ka simenti pomwe amazingira nkhuku. Madzi ofiirira ankayenderera kulowera m'ngalande. Patebulo lachitsulo padali nkhuku zinayi zososola kale, zong'amba pamimba.

Sellah adayang'ana chalacho. Adaona kuti chikhadabo chake n'chowengedwa bwino. China chilichonse sichidamubwerere m'mutu. Dzana adali ataika mayi ake m'manda, dzulo adameta, ndiye lero mpango unkangoterereka pamutu posowa tsitsi logwira. Foni ya a Zikhale idamupeza ali m'njira: usapite kunyumba, ukatsika m'depoti ubwere kwa a Karim. Sadafunse chifukwa. Kwa masiku asanu anthu adakhala akumuuza pokhala, poima, nthawi yolira ndi nthawi yotonthola, iye n'kumangochita. Izinso adangochita.

"Muonetseni, a Sulaiman," adatero a Zikhale. "Aone ntchito ya manja ake."

Sulaiman, bambo wochepa thupi yemwe ankazinga nkhuku pabutchalapo, adapukuta mpeni pa epuloni nang'amba chithokomiro cha nkhuku imodzi. Mudatuluka phala lakuda bii. Adatumbula nthutumba, nayonso yakuda. Adasolola matumbo nawayala patebulo, akuda ngati awaviika m'oyilo wagalimoto, apa ndi apo timadontho ta magazi.

"Zinayi zonse n'chimodzimodzi," adatero Sulaiman osayang'ana munthu. "Komanso n'zopepuka. Ukainyamula ngati wanyamula nthenga zokhazokha."

A Karim adaima pakhomo lolowera m'butchala, manja ali kumbuyo. Adali mkulu wa ndevu zaimvi, wobadwira mu Area 2 momwemo, ndipo Chichewa chawo chidali cha mumsika, chosapunduka. Adaitanitsa kwa a Zikhale nkhuku mazana awiri za ukwati wa Loweruka. Makireti ake adali ataunjikidwa pakhoma, nkhuku zili phee m'kati.

"Ine sindigulitsa chinthu chomwe sindingadye ndekha," adatero. "Anthu amabwera pano chifukwa amakhulupirira mpeni wa Sulaiman. Ndiye wina andiuze, chakudachi n'chiyani?"

"Ndi makala," adatero Sellah.

Mawu ake adatuluka osasa. Enawo adathera kumaliro.

"Mwamva?" A Zikhale adatembenukira kwa a Karim. "Wavomera yekha. Nkhuku sikisite ndakwirira kunyumba kuja kuyambira Loweruka. Munthu ndamusunga zaka zitatu, chipinda ndamupatsa, magetsi, madzi, iye akundidyetsera ziweto poizoni. Ameneyu lero akagona kupolisi. Ndipo amayi akunyumba akangolemba dzina lake pagulu lawo la Watsapu, aone ngati geti lililonse la ku Area 12, kaya 10, kaya 43, lidzamutsegukirenso."

Apo mpamene Sellah adamva kanthu, kakang'ono, ngati munga wolowa m'chidendene chokhakhala. Za polisizo sizidamukhudze. Koma gulu la amadamu lija ankalidziwa. Adaona mmene lidamuthera Naphiri, wophika wa nyumba yachitatu kuchokera kwawo, yemwe adamunena kuti adathira kanthu m'tiyi wa abwana ake. Chithunzi chake chidayenda m'mafoni a mzere wonse dzuwa lisanalowe. Pano Naphiri amagulitsa mandasi ku Chinsapo, ndipo omudziwa ngakhale mandasiwo sagula. Wantchito wa m'nyumba alibe satifiketi, alibe munda m'tauni. Chomwe amayenda nacho pogogoda mageti ndi dzina basi. Dzinalo likanunkha poizoni, latha.

Nkhani ya makala idayamba chonchi. Sellah adalowa m'nyumba ya a Zikhale ku Area 12 ngati wochapa ndi kusita. A Zikhale ankagwira ntchito m'maofesi a ku City Centre, kuja anthu amalemba za ulimi atamanga tayi. Tsiku lina adamangitsa khola kuseri kwa nyumba nabweretsa anapiye mazana atatu a nkhuku za nyama, mabuloyila. Palibe adamufunsa Sellah ngati akufuna kuweta. M'mawa mwake adangopeza ndowa ya chakudya ili m'manja mwake.

Chaka choyamba kholalo lidali manyazi okhaokha. Zitosi zamadzi, utuchi wonyowa, fungo loboola m'maso moti aneba a kuseri kwa mpanda adalemba kalata kawiri. Anapiye ankafa awiri lero, atatu mawa, ndipo aliyense wakufa ankafera pamutu pa Sellah. Iye sukulu adalekezera Fomu 2, koma foni adali nayo, ndipo bandulo yake sinkathera pa nyimbo. Adaona kanema wa mlimi wina wakunja akuthira ufa wa makala m'chakudya cha nkhuku. Adakafunsanso ophunzira za ulimi omwe adaika tebulo lawo pa chionetsero china ku City Centre. Adamuuza kuti n'zotheka, bola makalawo akhale aukhondo, ndiponso ochepa.

Adapempha mgolo wakale wachitsulo kwa a Lemson, mlonda wa pageti. Zitsononkho ankakazipempha ku Kauma kwa amayi otonola chimanga. Ankazidzaza mumgolomo, kuyatsa pamwamba, moto ukatsika mpaka pansi n'kuvundikira kuti mpweya usalowe. Kenako kuzimitsa ndi madzi, kuyanika, kusinja, kusefa ndi sefa ya ufa. Chotsala chidali ufa wakuda, wopepuka, wopanda fungo. Muyeso wake udali botolo la malita awiri lodula pakamwa, limodzi lokha pa thumba la chakudya la makilogalamu fifite.

Sadayambe ndi khola lonse. Adatchinga anapiye makumi awiri ndi makatoni pakona nawadyetsa okhawo. Patatha milungu itatu, pakona paja utuchi udali wouma gwa, zitosi zolimba, anapiyewo odzaza pachifuwa kuposa anzawo. Gulu lotsatira adadyetsa onse. Fungo lidatha. Makalata a aneba adasiya. Mwa nkhuku mazana atatu mudafa zisanu zokha.

A Zikhale atazindikira, adafunsa kamodzi. Sellah adawafotokozera ataima m'khola momwemo. Botolo limodzi pa thumba, osapyola. Nkhuku zikamamwa mankhwala, makala asiyidwe, chifukwa makala sasankha: amayamwa zoipa za m'mimba, amayamwanso mankhwala omwewo. Kukatsala masiku atatu kuti zizingidwe, asiyidwenso kuti m'mimba muyere. A Zikhale ankangoti "ehe, ehe," maso ali pafoni. Loweruka lotsatira adabwera ndi anzawo a kuofesi. Adaima pambali pa mgolo atagwira mtengo wotakasira, wina n'kuwajambula. Makala a zitsononkho adapatsidwa dzina latsopano, bayocha, nasanduka kafukufuku wa a Zikhale. Tsikulo Sellah adauzidwa kuti abweretse zakumwa n'kubwerera kukhitchini.

Sadadandaule. M'mipanda yaitali umu ndi mmene zimakhalira: chikakoma n'cha bwana, chikawola n'cha wantchito. Iye chidamukwanira n'chakuti m'khola simukununkha, ndipo m'mawa sankatolanso anapiye ouma pansi pa zomwera.

"Makala a chiyani?" adafunsa a Karim.

"A zitsononkho, bwana. Koma awawa si anga."

A Zikhale adaseka ndi mphuno. "Tamumvani. Makala ayamba kukhala ndi eni ake tsopano."

Sellah adatula chikwama pansi. Adatapa phala lija ndi chala nalitikita. Lidali lokhakhala, la timibulu, kwinaku mchenga. Adanunkhiza.

"Anga ndimasefa," adatero. "Awa ndi a mbaula."

A Karim adayang'ana chala cha Sellah, nayang'ananso a Zikhale, nthawi yaitali ndithu.

"Tiyeni tikaone kholalo," adatero.

"Palibe choti mukaoneko, a Karim. Ine ndili ndi mitingi folo koloko."

"Mitingi idikira. Mwezi watha ndinagulitsa nkhuku zanu kwa anthu, ana awo anadya, adzukulu anga anadya. Ngati ndi poizoni ndiyenera kudziwa lero. Nanga makireti anuwa? Ndikubwezerani pa galimoto yanga. Ndiye ndikupitabe komweko."

Sellah adakwera kumbuyo kwa pikiapu ya a Karim pamodzi ndi Sulaiman ndi makireti. Galimoto ya a Zikhale idatsogola. Adadutsa m'mbali mwa msika, pakati pa njinga zamoto ndi amayi osenza madengu a tomato, nawoloka mlatho wa Lilongwe. Anthu ankakuwa mitengo ya zinthu, makondakitala ankamenya zitseko za minibasi, koma kwa Sellah zonsezo zinkamveka ngati zikuchitikira m'nyumba ya eni, kuseri kwa khoma.

"Pepani maliro, chemwali," adatero Sulaiman. "Ndaona mpangowo."

Adali munthu woyamba m'tauni kumupepesa.

"Zikomo."

"Ndani?"

"Amayi."

Sulaiman adapukusa mutu. "Mayi ndi mmodzi. Mulungu akupatseni mtima wopirira."

Sellah adadikira kuti mwina misozi ibwera. Sidabwere. Adayang'ana m'kireti lomwe lidali pamapazi ake. Nkhuku ina idali itagwetsa mapiko, chikope chikutsika pang'onopang'ono, kukwera, kutsikanso. Adaidziwa. Idali ija ya chala chopindika, yomwe ili mwanapiye inkakonda kugona m'chodyera. Lachitatu pochoka adaisiya ikulimbirana chakudya ndi zinzake.

"Abwana anuwo," adatero Sulaiman, "amayankhula ngati wailesi yothyoka batani lozimitsira."

Sellah sadaseke. Sulaiman sadayeserenso.

Adadutsa nyumba zamagalasi za ku City Centre, nalowa m'misewu yamithunzi ya ku Area 12, komwe sumva mwana akulira kapena munthu akusinja, koma agalu okha ndi madzi othirira kapinga. A Lemson adatsegula geti. Adali bambo wachikulire wa ku Kauma, wa chikhothi chomwe ankavala chilimwe ndi dzinja lomwe. Ataona Sellah kumbuyo kwa pikiapu adaweramitsa mutu.

"Mwafika, mlongo? Pepani zovuta."

"Zikomo, a Lemson."

Manja awo onse awiri adali m'matumba a chikhothi. Geti adalikankha ndi phewa.

Fungo lidawachingamira asanafike n'kukhola komwe. Lidali fungo lakale lija, la chaka choyamba. A Karim adatulutsa kampango natseka pamphuno. M'kholamo mudatsala nkhuku zowerengeka, zitaunjikana pakona. Utuchi udali chinyezi chokhachokha, zitosi zakuda zosakanikirana ndi magazi. Zodyera zidali zodzaza ndi chakudya chomwe nkhukuzo zidachikana, chakuda ngati dothi la kudambo. Chakudya chosakaniza Sellah chinkangooneka chotuwa pang'ono, ngati ufa wa mgaiwa wogwera phulusa. Ichi chidali makala othira chakudya. Pazenera padali timapaketi ta mankhwala topanda kanthu. Kuseri, pafupi ndi mpanda, padali dzenje lokwirira kumene, ntchentche zili ng'waa.

Sellah adaima pakhomo. Adaona zonsezo monga mmene adaonera dothi likugwera pabokosi la mayi ake: maso akuona, mtima uli zii.

"Zinayamba liti kudwala, a Lemson?"

A Lemson adayang'ana kwa abwana awo kaye. "Lachisanu. Zinayamba kutsegula magazi."

"Ndinagula mankhwala ndekha tsiku lomwelo," adalowererapo a Zikhale. "Odula. Ndinathira m'madzi monga mmene analembera. Koma agwira bwanji ntchito munthu atazidyetsa kale zakezo?"

A Karim adatola kapaketi kamodzi pazenera nawerenga, atakatalikitsa ndi maso.

"Apa alemba kuti nkhuku isadyedwe mpaka patadutsa masiku asanu itasiya kumwa. Zasiya liti kumwa, a Zikhale?"

"Zimenezo ndi zongolemba."

"Tinagwirizana kuti ndidzatenge Lachinayi. Dzulo munandiimbira kuti nditenge lero. Ndimadabwa kuti changu n'cha chiyani."

A Zikhale adamasula tayi pang'ono. "Nkhani pano si imeneyo. Nkhani ndi poizoni wa mtsikanayu."

Sellah adalowa m'khola. Pakona, pansi pa shelefu, padali ndowa yake yobiriwira. Chivundikiro chake chidali chomangidwa ndi mphira, mfundo yake yomwe ija ya kawiri yomwe adamanga Lachitatu m'mawa, uthenga wa maliro utangofika. Asananyamuke adasakaniziratu chakudya cha masiku asanu ndi limodzi, nawauza a Lemson kuti azingotapa m'matumbamo, ndowa asaikhudze. Adaitulutsa panja naiika pamapazi a a Karim. Pachivundikiro padali fumbi la utuchi la masiku asanu, losakhudzidwa ndi chala.

"Masulani nokha, bwana."

A Karim adawerama namasula. Ndowa idali yodzaza mpaka m'khosi. Pamwamba padagona botolo lodula lija.

"Makala anga ndi amenewa. Ndinawasiya apa, ali pomwepa."

A Karim adapisa dzanja m'ndowa. Ufa udadutsa m'zala zawo ngati phulusa la udzu. Adapita pachodyera natapanso. Adatikita, napeza kachidutswa ka makala kukula kwake ngati nyemba, nakaonetsa kwa Sulaiman.

"Aka ndi ka mtengo," adatero Sulaiman. "Tikanawotchera chimanga."

Sellah adazungulira kuseri kwa khola, enawo n'kumutsatira. Mtondo wa amayi a panyumbapo udali pamenepo, m'kati muli bii, munsi utatsamira khoma. Pambali pake padali matumba awiri a makala, aja amagulitsa panjinga, opanda kanthu, udzu wotsekera pakamwa uli mbwee pansi. Sellah adawadziwa. Adali matumba omwe amayi amasungira masiku ozima magetsi.

Sadafunikirenso kuuzidwa. Adaziona zonse ngati adalipo. Nkhuku zatsegula magazi Lachisanu. Bwana wagula mankhwala. Kenako wakumbukira kuti bayocha wake uja, yemwe adajambulitsa naye chithunzi, amalimbitsa m'mimba. Ngati pang'ono amathandiza, ndiye wambiri achiza. Za ndowa yobiriwira sankazidziwa, poti m'khola adalowamo komaliza tsiku la zithunzi. Kwa iye makala ndi makala. Matumba awiri asinjidwa, athiridwa m'chakudya, makala ayamwa mankhwala onse m'mimba mwa nkhuku, matenda ayenda mwaufulu, nkhuku zakhuta makala n'kusiya kudya. Zitayamba kugwa, foni kwa a Karim: bwerani mutenge msanga. Matumbo atamuyalutsa patebulo la Sulaiman, foni kwa Sellah.

Adayembekezera kuti mkwiyo ubwera. M'malo mwake adangomva kutopa, kuja kwa munthu yemwe wasenza mtolo ulendo wautali ndipo sakumvanso khosi.

"Wasinja apa ndani?" adafunsa a Karim.

Kuseri kwa mpanda galu wa aneba adauwa kawiri nasiya.

Sellah adayang'ana a Lemson. Mkuluyo adali atatulutsa dzanja limodzi kuti apukute thukuta, ndipo asanalibweze m'thumba Sellah adaliona: m'mizere ya chikhatho mudali mwakuda, m'zikhadabo mwakuda, ndipo m'munsi mwa zala mudali matuza ophulika. Bambo wa zaka sikisite zakubadwa, yemwe kwawo sadagwirepo munsi, adasinja matumba awiri a makala yekha. Kukadangotengera mawu atatu, a Lemson tambasulani manja, dzina la Sellah likadayera pomwepo.

Koma adaonanso maso a a Zikhale. Nawo adali atafika pa dzanja lomwelo, ndipo adawala ngati a munthu yemwe wapeza khomo m'nyumba yoyaka moto.

"Mwina," adayamba a Zikhale pang'onopang'ono, "mwina ndiye kuti anagwirizana awiriwa. Kapena mdalayu mwa umbuli wake anangoganiza yekha. Anthu akumudziwa, a Karim, ukawasiya okha tsiku limodzi..."

A Lemson adavula chipewa nachigwira pamimba. Sellah adadziwa kuti sadziteteza. Munthu wa ana asanu ndi awiri ku Kauma satsutsana ndi mwini geti. Akadavomera mlanduwo mmene amavomerera mvula ikawanyowetsa pageti. Mlandu ukadangotsetsereka kuchoka pa Sellah n'kugwera wotsika kuposa iye, monga madzi a m'ngalande ya kubutchala kuja.

"A Lemson alibe kiyi wa sitoro," adatero Sellah.

A Zikhale adatembenuka. "Wati chiyani?"

"Matumbawa amakhala m'sitoro yokhoma. Kiyi wake ndi mmodzi. Ine ndikafuna makala ophikira ndimadikira inu muweruke." Adaloza ndi chibwano. "Ndi uyo ali pamodzi ndi makiyi agalimoto m'dzanja lanulo."

A Zikhale adafumbata makiyiwo. Makiyiwo adalira pang'ono m'chikhatho.

"Iwe, ukudziwa yemwe ukuyankhula naye? Wadya mchere wa m'nyumba muno zaka zitatu."

"Ndadya, bwana."

"Ndiye longedza katundu wako. Za makalamakalazi ine sindikuzidziwa. Sindinakutumepo. Unkapanga wekha mobisa, ndipo aliyense adziwa zimenezo lero."

A Karim adali atatulutsa foni m'thumba la mkanjo wawo. Adafufuza ndi chala chomwe chidali chikadali chakuda, napeza chomwe ankafuna, naitembenuza kuti onse aone. Chidali chithunzi chija: a Zikhale pambali pa mgolo, mtengo wotakasira m'manja, akumwetulira. Pansi pake padali mawu omwe a Zikhale adalemba okha, oti iyi ndi njira yomwe aitulukira atafufuza kwa zaka ziwiri, ndipo alimi ofuna kuphunzira awapeze. Chakumapeto kwa chithunzicho kunkaoneka chigongono cha munthu wonyamula thireyi ya zakumwa.

"Munanditumizira nokha," adatero a Karim. "Munakhala m'shopu mwanga ola lathunthu, tiyi wanu mpaka kuzizira, mukundiphunzitsa za bayocha. Ine ndinayamba kugula nkhuku zanu chifukwa cha zimenezo. Ndiye sindikumvetsa. Mukuzidziwa kapena simukuzidziwa?"

"A Karim, izi ndi nkhani za m'nyumba mwanga."

"Zinali za m'nyumba mwanu zisanafike patebulo langa."

A Zikhale adatulutsa foni yawo. "Ndikuwaimbira amayi. Alembe pagulu paja pompano. Tione yemwe anthu amukhulupirire, ine kapena wochapa."

Sellah adadziwa yankho lake. Anthu akadakhulupirira iwo. Chithunzi chake chikadayenda mzere wonse, mpango uli pamutu, ndipo palibe madamu ngakhale mmodzi yemwe akadafunsa za ndowa yobiriwira kapena kiyi wa sitoro. Mboni zidali pano, lero, pambali pa mtondowu. Pikiapu ikangotuluka pageti, kudzatsala mawu a bwana okha.

Adawerama natola botolo lodula lija m'ndowa. Mpango udaterereka nugwa pansi, mutu wometa uli poyera. Sadautole. Adayenda mpaka pamaso pa a Zikhale, pafupi moti adamva fungo la perefyumu wawo pamwamba pa fungo la khola, nawatambasulira botololo. Mawu ake sadakwere.

"Imbani, bwana, koma muyambe mwayankha pano, a Karim akumva, a Sulaiman akumva, a Lemson akumva. Mwauza dziko lonse kuti njirayi ndi yanu. Ngati ndi yanu, nenani: thumba limodzi la chakudya timathiramo mabotolo angati? Nkhuku zikamamwa mankhwala timatani? Ngati simukudziwa, nenani kuti simukudziwa, ndipo munene yemwe amadziwa."

Chala cha a Zikhale chidaima pamwamba pa foni.

"Ndaika amayi anga dzana," adatero Sellah. "Chomwe andisiyira ndi dzina ili, ndipo silikwiriridwa m'dzenje limodzi ndi nkhuku zanu. Lachisanu anatsegula sitoro ndani? Anawapatsa a Lemson munsi ndani? Yankhani, bwana. Tonse tikudikira."